Khosi la Shoteji

Ndikukumbukira Juni wina ku Kabwata, masiku a chipani chimodzi aja, pamene shuga, sopo ngakhale ufa tinkagula pamzere. Kuseri kwa nyumba yathu kunali khola la malata akale, ndipo mwa nkhuku zonse imodzi inali yangayanga, kathazi kafupi miyendo. Ndinamutcha Shoteji, mawu onena za kusowa kwa zinthu omwe anali pakamwa pa aliyense chaka chimenecho. Ndinkamukonda kuposa azichimwene anga, ndipo sindichita manyazi kunena.

Pa nkhani ya nkhuku, bambo ndi mayi sankamwerana madzi. Mayi ankadalira gaga wonyowetsa, tsabola wosinja m'madzi akumwa, ndi masaka otchinga mphepo. Bambo, mesenjala wa mu ofesi ina m'tauni, ankati popanda katemera zonsezo n'kutaya nthawi. Vuto linali lakuti kabotolo kamodzi kanali ka nkhuku zambirimbiri, ndipo ukakatsegula sikagonera. Choncho bambo anamema msewu wonse. Azakhali anga, omwe ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Kabulonga, anakasunga m'firiji ya abwana awo, n'kubwera nako Loweruka m'mawa mu fulasiki ya tiyi yodzaza ayezi.

Mzere wa tsiku limenelo! Azimayi atavala majuzi, aliyense nkhuku m'khwapa, nthenga zili mbwee, utsi wa mbaula ukuyabwa m'maso. Bambo ankadontheza mankhwala m'diso la nkhuku iliyonse, nkhope itauma ngati ya dokotala. Apo n'kuti amake Mwansa, aneba athu ochokera ku Luapula, atandinong'oneza kale: "Iwe mwana, uyu munkwala upaya menso. Nkuku yako izankala blaindi."

Ndinathamangira kuseri n'kubisa Shoteji m'thumba la makala. Bambo atafunsa ngati zathu zonse zalandira, ndinavomera. Madzulo Shoteji anatulukamo ali bii, koma maso onse awiri ali bwinobwino, ine n'kumadziona wochenjera.

Patapita milungu ingapo chitopa chinalowa mu Kabwata. Zotemera zija zinkangopalasa ngati palibe chachitika. Shoteji yekha anazyolika, mapiko ali pansi, akupuma movutikira. Ndinaulula ndikulira. Bambo sanagwire lamba, anangoti, "Wamvela ba neba, wasiya atate ako." Bola akanandikwapula.

Mayi anamuika Shoteji m'katoni kutali ndi zinzake, pafupi ndi mbaula, n'kumamumwetsa madzi a tsabola ndi supuni. Chofunda chake chinali juzi yanga ya sukulu. Mlungu wonse ndinkapita m'kalasi mano akugundana, aphunzitsi n'kumadabwa kuti makolo anga ndi otani.

Shoteji anachira, koma khosi linapindikiratu. Mayi anafalitsa pampopi kuti tsabola wagonjetsa chitopa. Bambo ankangoloza khosilo. Mkangano umenewo anakalamba nawo.

Lero ndimaweta nkhuku ku Chelstone, kuseri kwa mpanda wa njerwa. Katemera ndimagula m'sitolo n'kusunga m'firiji yanga, palibenso mzere, ndipo nkhuku za aneba sindizidziwa n'komwe. Mzere uja ndimausowa. Koma tsiku la katemera siidutsa ngakhale imodzi, ndimayang'ana ndi m'matumba momwe. Shoteji anakhala nafe zaka zina zitatu, ndipo m'mawa uliwonse ndikamuthirira gaga ankandiyang'ana cham'mbali ndi diso limodzi, lomwe lija ndinkati ndikuliteteza.