Botolo Ndilo Linasweka, Osati Injini

Mlamu wanga amauza anthu kuti ndinapita ku Mangalande chifukwa chokonda maulendo. Si zoona, ndipo ndikufuna nkhaniyi ilembedwe molondola. Ndinayendetsa malole a eni ake kwa zaka zambiri, ndipo tsiku limene ntchito inatha ndinauza mkazi wanga, Nachisale, kuti ndipita kunja koma sindidzabwerera wapansi. Ndinkafuna lole yangayanga.

Ku Leicester ndinkakhala m'kachipinda kamodzi ku Highfields, ntchito yanga ili yogawa katundu m'masitolo. Malipiro ndinkawagawa pawiri: ena a Nachisale, ena a lole. Poimba foni ndinkati zonse zili bwino, ngakhale kuti masiku ambiri ankadutsa popanda wondipatsa moni m'chinenero changa. Patapita zaka zingapo ndinagula lole yakale kwa mlimi wina kufupi ndi Loughborough. Ndalama yoikwezera sitima ya pamadzi kuti ipite kwathu inali isanakwane, choncho mlimiyo anandilola kuisunga m'shedi mwake mpaka chisanu chithe, poti mchere umene amawaza m'misewu nyengo imeneyo umadya chitsulo.

Ndinaigoneka mwaluso. Ndinasintha oilo, ndinadzaza dizilo, ndinachotsa batire, ndinaikweza pamitengo kuti matayala asapindike, n'kuifunditsa lona. Pomaliza ndinatsuka rediyeta n'kuthiramo madzi a pampopi mpaka kukamwa, monga timachitira kwathu.

Lamlungu lina ndinatenga a Tembo, makaniko wa ku Chipata amene tinkapemphera limodzi, kuti akasirire. Anatsegula rediyeta, naviika chala, nanunkhiza.

"Akulu, mwathira chiyani muno?"

"Madzi. Kodi rediyeta imamwa tiyi?"

"Kuno madzi amasanduka mwala, ndipo akamaundana amafufuma. Pofika Januwale injini iyi idzang'ambika ngati dzungu."

"A Tembo, ndinayamba kuyendetsa lole inu mukuyamwa."

"Munkayendetsa kumene kulibe ayezi, akulu."

Sanakangane nane. Anakhetsa madziwo, natenga m'galimoto mwawo mankhwala oletsa kuundana, nathiramo. Ndinawalola mwaulemu chabe, mtima ukukana. Kenaka anadzaza botolo lagalasi ndi madzi anga aja, nalitseka, naliika pambali pa tayala. Chisanu chitalimba ndinapita kukaona lole, ndipo ndinapeza botololo litasweka pakati, madzi ataima okha ngati kandulo. Ndinakhala pansi. Zaka zanga zonse za ku Highfields zikanasweka chomwecho. Mlamu amati injini inang'ambika ndipo azungu anandiseka. Ayi: botolo ndilo linasweka, ndipo amene anaseka ndi a Tembo okha, nditapita kukawathokoza.

Lole inafika kwathu ku Ntcheu yamoyo, ine ndili pachiwongolero. Mvula itayamba ndinaganiza zoisunga monga ndinaphunzirira, poti msewu wakwathu umasanduka phala. Ndinaikweza pamitengo, batire m'nyumba, lona pamwamba. Tsiku lachitatu Nachisale anandipeza pakhonde.

"Bambo, itsitseni. A Gama, oyandikana nafe aja, atisiya kuchipatala, ndipo thupi silingabwere panjinga."

"Ndaisunga kuti isaonongeke, mayi."

"Mukuisungira ndani?"

Ndinaitsitsa. Pobwerera inatitimira padambo, ndipo amuna amene sindinawaitane analowa m'matope mpaka m'maondo n'kuikankha. Mawa lake anabwera ndi zidebe kudzaitsuka, wina atanyamula kachitini ka gilisi. Lona ija ndiyo inaphimba anthu pasiwa mvula ikugwa.

Kuyambira pamenepo lole sinakwerenso pamitengo. Yanyamula odwala, chimanga ndi akwati, ndipo siinachite dzimbiri, chifukwa manja oisamala ndi ambiri kuposa anga awiri. Ku Loughborough galimoto imasungidwa poigoneka. Kwathu imasungidwa ndi anthu amene inawanyamulapo. A Tembo anaipulumutsa ili mtulo, Nachisale anaidzutsa, ndipo onsewa ndimawathokoza.

Lona sindinaionenso pakhomo panga. Imayenda maliro ndi maliro. Mlamu amauza anthu kuti loleyo ndinaigulira mudzi kuchokera pachiyambi. Apo pokha sindimuwongolera.