Zitseko za Amalume Zopita ku Fiji

Mwaswera bwanji nonse kumudziko.

Lero titaweruka ku Misa, mng'ono wathu Fatsani wabwera kunyumba kwanga kuno ku Pangani ndi bambo wina wa suti, mnzake wa kukwaya. Bamboyo akuti amatumiza katundu womangira nyumba ku Fiji, chilumba cha kutali m'nyanja ya Pacific. Akuti kumeneko mahotela akumangidwa ngati bowa, ndiye akufuna zitseko za mlombwa zimene amakhoma amalume athu a Yohane ku Mchinji, kontena yathunthu.

Ndinawafunsa muyeso wa zitsekozo. Anaseka n'kunena kuti, "Mayi, chitseko ndi chitseko." Inu, amalume sagwira sowo asanayeze felemu kawiri.

Kenako anatulutsa foni kutionetsa hotela imene akuti akumanga ku Fijiko. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala. Kuseri kwa mpanda kukuoneka minibasi ya mzere wachikasu, zimene kuno timati matatu, yolembedwa Kawangware, dera la mumzinda uno. Ndimakwera zimenezo m'mawa uliwonse popita kuntchito ku Lavington. Nditawaonetsa, anati mwina mwana wawo anasokoneza zithunzi, ndipo tiyi anamusiya asanamalize.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti akufuna chikalata cha malo a shopu ya amalume, ati chikhale chikole ku kampani ya sitima zapamadzi. Fatsani wawaimbira kale amalume, ndipo ndamva kuti ayamba kufunafuna chikalatacho m'sutikesi.

Achemwali a ku Mchinji, chonde pitani mukawauze kuti adikire kaye. Enanu mukuti bwanji? Kapena ndine wokayikira kwambiri, matatu a ku Kawangware anayamba kufika ku Fiji?