Zala Ziwiri pa Khosi la Kavalo

Ndinakulira ku Dowa, kumene nyama yaikulu imene ndinkaidziwa inali ng'ombe yokoka ngolo, ndipo munthu ankaikhudza ndi chikwapu basi. Kavalo ndinamuona pafupi koyamba ndili wamkulu kale, ndikugwira ntchito ya mafizo pa chipatala chachikulu cha ku Stoke-on-Trent.

Amene anandifikitsa kwa iye anali mayi ena achikulire achizungu amene ndinkawathandiza kuyendanso atachitidwa opaleshoni ya chiuno. Odwala ambiri amachita mafizo monyinyirika, koma iwo ankathamangira mpaka ndinkachita kuwaletsa. Tsiku lomaliza anandiuza chifukwa chake. Anali ndi kavalo wokalamba pa famu ina kunja kwa mzinda, amene anamusunga kuyambira amuna awo ali moyo. Khosi ndi msana zinali zitamuuma, sankathanso kuwerama kuti adye bwino, ndipo ankawonda. Dokotala wa ziweto anali atanena kuti nyengo yozizira ikatha kavaloyo osasintha, chifundo chidzakhala kumubaya jakisoni woti agone osadzukanso. Chiyembekezo chotsala chinali mayi wina amene ntchito yake ndi kutikita akavalo, ndipo anandipempha kuti ndikaonerere.

Akazi anga, amene ndi namwino pa chipatala chomwecho, anaseka nditawauza.

"Ndiye digiri yonse ija, bambo, mukathere pa bulu wa azungu? Ine msana ukundiwawa chichokereni ku shifiti, simunandifunseko n'komwe. Kapena ndimere kaye mchira?"

Ndinapitabe Loweruka m'mawa, kukuwaza kamvula. Kavaloyo anali wofiirira, wamtali kuposa mmene ndinkaganizira. Phewa lake linkafika m'maso mwanga. Wotikita uja anali mayi wamfupi, wa manja ong'ambika ndi chisanu. Atamva ntchito yanga, anandiuza kuti ndiyese kupeza pamene pakuvuta.

Ndinapapeza mosavuta: mnofu wa m'mbali mwa khosi unali wolimba ngati chingwe chokokedwa. Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo. Kwathu, munthu akabinya mwendo pa mpira, amamuthowa ndi nsalu ya madzi otentha, kenako n'kumukanikiza mpaka alire, ndipo kulirako ndiwo umboni woti thandizo likugwira. Sukulu inandiphunzitsa zina, koma nditaona kukula kwa nyamayo, manja anga anabwerera ku zakale. Ndinaganiza kuti thupi lalikulu chotero likufuna mphamvu zanga zonse, ndipo ndinadinikiza ndi chala chachikulu.

Kavaloyo anagonetsa makutu kumbuyo, anaponda pansi mwamphamvu, ndipo mnofu uja unauma kuposa kale. Wotikitayo anachotsa dzanja langa mosapsa mtima.

"Ntchentche ikatera pamsana pake, uyu amaimva n'kugwedeza khungu pamalo pomwepo," anatero m'Chingerezi cha kuderali. "Ndiye chala chanucho akuchimva ngati chiyani? Inu odwala anu amakuuzani ndi pakamwa. Uyu muzimuyang'ana diso."

Anaika zala ziwiri kuseri kwa khutu, mopepuka moti ubweya sunagone n'komwe, n'kuima chete. Sanachitenso china. Mwachizolowezi cha kuchipatala ndinayang'ana wotchi, kenako ndinachita manyazi. Patapita nthawi, diso la kavaloyo linayamba kuphethira pang'onopang'ono. Mlomo wam'munsi unalendewera uku ukunjenjemera. Kenako anatulutsa mpweya wautali umene unaoneka ngati utsi m'chisanu chija, anayasamula mpaka mano onse achikasu kuoneka, ndipo mutu waukulu uja unatsika mpaka kulingana ndi mawondo a mayiyo.

Anatenga dzanja langa n'kulibwezera pa mnofu uja. Unali utafewa, ukumveka kufunda. Mayina a minofu ndi mitsempha ndimawadziwa, ndipo ndikhoza kufotokoza mwadongosolo mmene thupi limalekera kudziteteza likasiya kuopa. Komabe palibe buku limene linandikonzekeretsa kuima pambali pa nyama imene ikanatha kundithyola nthiti ndi mwendo umodzi, ine n'kuiona ikusankha yokha kumasuka pansi pa zala ziwiri. Ndinakhala nthawi yaitali osachotsa dzanja.

Ndinkapitanso Loweruka lililonse limene ndinalibe ntchito. Sindinganene kuti kutikita kunachiritsa ukalamba. Mankhwala a dokotala anali ndi gawo lake, ndipo masiku ena kavaloyo ankakana kukhudzidwa, ife n'kubwerera osachita kanthu. Wotikitayo ankati tsiku lotero silinapite pachabe, popeza nyamayo yaphunzira kuti ikakana imamvedwa. Pang'ono ndi pang'ono kavaloyo anayamba kunenepa, nthiti zake n'kuyamba kubisika.

Dokotala wa ziweto uja anabwera nyengo yozizira itatha, mitengo itayamba kuphukira. Mwini kavaloyo anaima pa chipata atatsamira ndodo yawo. Dokotalayo anamuyendetsa pabwalo, anamutembenuza mbali zonse ziwiri, anagwiragwira msana, kenako ananyamula mapazi limodzilimodzi n'kuwayang'anitsitsa. Pa phazi lomaliza anachedwa kwambiri moti mayi aja anatseka maso.

"Mayi," anatero akuwongoka, "itanani wokhoma nsapato zachitsulo za akavalo sabata ino. Izi zatha, ndipo mkuluyu ali ndi chilimwe chonse choti ayende."