Phazi Loloza ku Lundazi

Ndiyenera kufotokoza poyamba kuti nyumba imene ndinalereramo ana anga ku Chikangawa inali ya akapitawo athu, mkulu wa ku Engutwini, amene chipika cha paini chinawathyola ntchafu ine ndili wachiwiri wawo. Fupa linalumikizana mopotoka, bondo ndi phazi n'kumaloza kunja, ndipo bondolo linkatupa. Ndinagwirizira udindo wawo podikira chigamulo cha dokotala. Malinga ndi dongosolo la kuntchito, nyumba inkatsata udindo.

Anandipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala cha pa boma la Mzimba. Dokotala anawagoneka chafufumimba, nawapinda bondo, nandilamula kuti ndigwire chiuno chisasunthe. Ndi dzanja lina ankapapasa fupa la m'chiuno, ndi linalo ankapendeketsa mwendo uku ndi uku, kenaka n'kuyeza ndi kachipangizo konga kamene ana a sukulu amayezera ngodya. Anafotokoza kuti kupotokako kukakhala kochepa adzawatumiza ku Blantyre kukakonza bondo kuti abwerere pantchito, koma kukachuluka, kukonza bondo sikudzathandiza.

"A Chewa, gwirani zolimba," anatero akapitawo, nkhope ili pa pilo. "Mwendo uwu ukufuna kuthawira ku Lundazi wopanda chiphaso."

"Bwana, zimenezo si zosekera pagulu," ndinawanong'oneza, pakuti masiku amenewo makoma anali ndi makutu.

"Mbwenu kaunenereni kwa achipani, akautsekere wokha, ine ndipumule!"

Dokotala anaseka, koma atayeza mwendo wabwino n'kubwerezanso wodwalawo, anapukusa mutu. Ndinamva thupi lawo likulefuka m'manja mwanga. Kuyambira pamenepo udindo unali wanga, nyumbanso. Potuluka, akapitawo anandigwira chanza nati, "Yewo chomene, mwavutika nane."

Tsiku losamuka, akazi awo anazira khonde ndi dothi lakuda, monga mwa ulemu wa kwawo, kuti olowa asapeze nyumba yakutha. Akapitawo popita kukakwera lole anaponda dothilo lisanaume. Mapazi anatsala pakhomo penipeni: lina lolunjika kumsewu, lina loyang'ana kumbali.

Mkazi wanga anafuna kuzira kachiwiri. Ndinamuletsa, ngakhale chifukwa chomveka ndinalibe. Mvula itayamba, anapondaponda ana, mapaziwo n'kufufutika okha. Kufikira nthawi imeneyo, ine mwininyumba ndinkalowera kukhomo la kuseri.