Ndakupezani pa Ketulo ya Amayi

Achimwene, lero ndimafufuta zakale mu kompyuta, ndiye ndapeza chithunzi cha ketulo ya amayi ija, ndaseka ndekha ngati wamisala. Mukukumbuka ku Utale, tikujambula vidiyo ya gulu loimba kaswida? Tinapachika nsalu yobiriwira pakhoma la sitolo kuti tidzaichotse pa kompyuta, oimbawo aoneke ngati aima m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Anthu atopa ndi dzuwa, inu n'kukana kuyamba. "Iyayi, tijambule kaye kuwala. Tikaiwala komwe dzuwa likuchokera, anthuwa adzaoneka ngati tawamata ndi phala." Mpira wonyezimira ngati galasi, umene amajambula pofuna kuona komwe kuwala kukuchokera, tinalibe, ndiye munasolola m'chikwama ketulo yatsopano ya amayi, ija ya alendo okha. Munaiika poima oimba n'kuijambula, poti pamimba pake pankaoneka zonse: dzuwa, malata, mthunzi wa mtengo wa mango. Titabwerera, amayi anatichingamira pakhomo: "Ketulo yanga yayamba liti mafilimu?" Inu osachita manyazi: "Amayi, yatchuka kuposa ana anu."

Munkadana ndi kujambulidwa, nthawi zonse kuseri kwa kamera, moti mutatisiya tinasowa chithunzi chanu chooneka bwino. Koma lero ndakulitsa cha ketulocho, ndipo ndakupezani pamimba pake: chimutu ngati dzungu, timiyendo ngati ta udzudzu, kamera m'manja, mano onse pamtunda. Amayi aseka mpaka misozi, kenako akuti ndikachitsukitse chachikulu, tichipachike pabalaza. Munathawa kamera moyo wanu wonse, achimwene, koma ketulo inakugwirani. Allah awalitse manda anu.