Mphuno Yanga ndi Mabotolo a Adokotala

Tsiku loyamba kuwaona bambowa anali atagwada m'ngalande kuseri kwa msika, tayi ali m'khosi, akutapa matope ndi supuni n'kumathira m'botolo. Ndinati mumtima, mayo ine, munthu wooneka bwinobwino chonchi mutu wazungulira. Atadzuka anandifunsa ngati ndimadziwa kutsuka. Ndinati, bambo, limenelo ndi funso? Ntchito ndinaipeza choncho, ndipo ndinawatsukira mabotolo zaka makumi anayi ndi zitatu.

Anthu ankawatchula Adokotala, koma sanachizepo munthu ngakhale litsipa. Ndikati msana ukundipweteka ankati, "Mayi, pitani kuchipatala." Nanga udokotalawo unali wa chiyani? Akuti ankaweta tizilombo tosaoneka ndi maso. Akuti akatisakaniza ndi ufa wakuda, alimi n'kupaka mbewu, nyemba zimabereka popanda feteleza. Tsiku lina anandiuza kuti ndisuzumire pa makina awo nditione. Ndinangoona nsidze zanga.

Anayambira m'galaja ndi mapoto a akazi awo, mayiwo akulalata pazenera. Kenako kunabwera fakitale, malole atatu, antchito oposa makumi asanu. Zitayenda bwino anasiyira mwana wawo wamkazi zonse, iwo n'kubwerera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Munthu wachuma, nsapato yomweyomweyo. Mabotolo ankawapatsa moni m'mawa, koma mdzukulu akalowa ankafunsa kuti ndi mwana wa ndani. Mpaka lero sindidziwa ngati anali anzeru kwambiri kapena ngati ndinalondola tsiku loyamba lija. Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza zinayi, atakhala pampando, magalasi ali pamphumi.

Patapita milungu itatu mwana wawo uja anafika kwathu ndi mkulu wa ku fakitale, wa chikhoti choyera. Anati tizilombo ta ku fakitale tafa tonse, mwalowa nkhungu. Popanda mbewu yoyambirira ya tizilomboto imene bambo ankasunga kunyumba, fakitale itsekedwa, anthu onse aja akakhale pakhomo. M'buku mwawo bambo analemba kuti ili m'botolo nambala 14.

"Ndiye katengeni," ndinatero.

"Azakhali, mabotolo onse alibe mapepala a manambala," anatero mwanayo.

Apa ndinayang'ana pansi. Mapepalawo ndinamatula ndine, kalekale. Ankada ndi zala, ndipo ine anandilemba kuti zinthu ziziwala. Adokotala sanaone n'komwe, maso anali atatha. Ankangoti, "Mayi, tandipatseni wamkulu uja," kunena botolo la mbewu yoyambirirayo, ine n'kuwapatsa. Sukulu ndinangoilawa, manambala sindinkayendera. Wamkuluyo ndinkamudziwa ndi mphuno komanso malo ake, kumanzere pafupi ndi chitseko cha firiji.

Titafika m'kachipindamo ndinatsegula firiji, mtima unangoti phwii. Mwanayo anali ataipukuta maliro atatha, mabotolo n'kuwandandalika mwa msinkhu ngati ana a sukulu.

"Ndani anakutuma iwe?"

"Ndimati ndikonzeko, azakhali."

"Wakonzadi."

Anali makumi atatu, onse a madzi otuwa. Mkulu wa chikhoti anati kuyeza onsewo kungatenge miyezi iwiri, alimi n'kukhala atadzala kale. Ndinatenga loyamba n'kuyika mphuno pa thonje lotsekera.

"Mayi, izi sitinunkhiza," anatero. "Timayeza."

"Yezani, bambo, ine ndipite kwathu, ndasiya zovala pachingwe."

Ndinapitiriza. Lina linkanunkha dzira loola, lina ngati mowa wogona, lina silinkanunkha kanthu. Wamkulu amamveka ngati thumba lonyowa limene laiwalika pakona. Ndinamupeza pa botolo la khumi ndi chimodzi, ndinatsala pang'ono kumupatsa moni. Koma pofuna kutsimikiza ndinapitiriza mpaka kumapeto, ndipo kumeneko ndinamupezanso.

Ndinanunkhiza ili, ndinanunkhiza ilo. Ndinatuluka panja, ndinamina, ndinabwerera. Chimodzimodzi. Zaka zonsezi wamkulu anali mmodzi, winayu wachokera kuti? Mphuno nayonso yakalamba, si msana wokha.

"Azakhali, ndi liti?" anafunsa mwanayo.

Ndikanatha kungoloza limodzi kuti ndioneke wodziwa. Koma ndinaganiza za amuna a anzanga a mumsewu mwathu, amene amalawirira ku fakitaleko. Ndinapereka onse awiri. Mkulu uja anawanyamula ngati makanda, akuti awiri okha angawayeze pa mlungu umodzi. Nthawi imeneyi ankanditchula kuti agogo.

Kutacha azimayi anadzadza pampopi, ndowa zili zopanda madzi, maso onse pa ine.

"Tatiuzeni, fakitale itsekedwa?"

Ndinati, "Ndawapatsa mabotolo awiri. Limodzi muli ntchito ya amuna anu. Linalo sindikudziwa, mwina ndi msuzi umene ndinaiwala m'firijimo chaka chatha. Tidzamva Lachisanu. Musandifunsenso, mutu ukundipweteka."