Yoram Zgambo Sanawotche Lole

Ku Champhira alipobe anthu amene amati Yoram Zgambo anawotcha lole ya matabwa. Limenelo ndi bodza. Loleyo ndinkayendetsa ndine.

Yoram anabadwira kufupi ndi Euthini. Zamagetsi anakaphunzira ku migodi ya ku Zambia, ndipo atabwerako analembedwa ntchito pagalaja ya kampani ina yocheka matabwa ku Chikangawa. Anali munthu wosapupuluma. Mafyuzi ankasunga m'kachitini ka fodya. Nyali za galimoto zikazima, ankazula fyuzi, kagalasi kaja kokhala ndi zitsulo kunsonga, n'kukayang'ana padzuwa kuti aone ngati kawaya kam'kati kaduka. Kenako ankawerenga nambala yolembedwa pachitsulo. Pamene pachoka ya 15, ankabwezerapo ya 15. Ikapsanso sankataya nthawi ndi ina, ankalowa pansi pa galimoto kukafuna waya wosupuka amene akukhudza chitsulo. Madalaivala tinkamuda nazo chifukwa ankatichedwetsa.

M'mawa wina mu Juni 1978 kunabwera a Bennet Luhanga, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, kudzatenga lole yanga kuti ikatule amayi ovina ku msonkhano ku boma la Mzimba. Masiku amenewo tcheyamani sankapempha. Amayi makumi atatu anakwera ndi ng'oma zawo. Kunali nkhungu ya ku Chikangawa, yoti mtengo uli apa osauona. Nditayatsa nyali, zinaphethira n'kuzima.

Yoram anaika fyuzi yatsopano. Inapsa pomwepo.

"Adada, pali waya wovulala penapake," anatero. "Mundipatse ola limodzi."

"Ola? Amayiwa akachedwa mukayankha ndinu?" anafunsa a Luhanga. "Ikanipo yaikulu."

"Yaikulu siichiza waya. Kameneka kakufa kuti lole isapse."

"Mukutiphunzitsa, eti? Mwina simukufuna kuti msonkhano uchitike. Khadi la chipani muli nalo?"

"Ndili nalo, adada, koma khadi silizimitsa moto."

Amayi ena anaseka pamwamba paja, mbwenu a Luhanga anapsa mtima. Anamukankha Yoram, natulutsa paketi ya ndudu, nang'amba kapepala konyezimira kam'kati kaja n'kundipatsa ine.

"A dalaivala, nzeru ija mukuidziwa. Kulungani."

Ndinkaidziwa. Dalaivala aliyense ankaidziwa, ndipo tonse Yoram anali atatiletsa. Ndinakulunga fyuzi yopsayo ndi kapepalako n'kuibwezera. Nyali zinayaka. Yoram anatseka kachitini kake, nandiyang'ana.

"Mukamva fungo la labala muime, musadikire utsi," anandiuza.

Fungolo ndinalimva titangotuluka m'nkhalango ya paini. Ndinaima, amayi anadumpha, wina anathyoka mwendo. Moto unayambira pansi pa chiwongolero, ndipo mutu wonse wa lole unapserera ife tikuonerera.

Mawa lake kuofesi a Luhanga anati Yoram anasokoneza mawaya dala, anamumva okha akunyoza khadi. Bwana wa galaja ankaidziwa bwino ntchito ya Yoram, komabe anangowerama. Ine atandifunsa ndinati sindinaone kalikonse. Ndinali ndi ana asanu, komanso ndinali wamantha. Amayi makumi atatu aja palibe amene anawafunsa, ndipo palibe amene anatsegula pakamwa.

Yoram anakhala m'chitokosi miyezi inayi popanda kuonekera kukhoti. Atatuluka anapatsidwa kalata yoti ndi munthu wosadalirika, ndipo panalibenso galaja yomulemba. Munthu wodziwa waya aliyense wa lole anathera pakhonde la sitolo ku Champhira, kukonza mawailesi ndi matochi. Ana ankamutcha Chiwotcha. Ngakhale pamenepo sanasinthe. Wina akabwera ndi wailesi yaikulu yamagetsi yoikidwa kamsomali pamalo pa fyuzi, ankachotsa kamsomaliko, n'kumupatsa mwini wake m'manja kuti akakhomere chitseko. Ine ndikamadutsa pamenepo ndi lole yatsopano ndinkayang'ana kumbali.

Anamwalira mu 1991. Pamaliro, mkulu wa mpingo wowerenga mbiri yake anati, "Ngakhale mbale wathuyu analakwitsa ku Chikangawa, Mulungu ndi wokhululuka." A Luhanga anali pampando kutsogolo, akugwedeza mutu.

Ndinaimirira popanda wondipatsa mpata. Ndinati Yoram sanalakwitse. Kapepala kanachokera m'thumba la a tcheyamani, ndipo wokulunga ndinali ine. Amuna awiri anandikoka jekete, ati pamaliro sipoweruzira milandu. A Luhanga anati ndaledzera, chikhalirecho mowa sindimwa.

Mayi wamasiye, a Lettie, anavundukula nsalu kumaso.

"Yewo, adada, tamva," anatero. "Malemuwa anakudikirani zaka khumi ndi zitatu. Khalani pansi tiwaike."